Amalume anatuluka m'vidiyo filimu isanathe

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, inu awerengi, musanachite kulimva kwa ena. Nkhani yoyamba imene ine ndinagulitsa ku nyuzipepala inali yonyoza filimu, ndipo ndinailemba ndikudziwa bwino lomwe kuti theka la zoona ndalisiya kunyumba. Anandilipira ndithu. Ndalamayo ndinagulira nsapato za pa kaunjika ndi mayunitsi, ndipo sabata yonseyo ndinkayenda ndi nyuzipepala m'thumba la kumbuyo, kuonetsa ofuna ndi osafuna omwe. Munali mu 2019. Theka linatsala lija ndi limene ndabwera nalo lero.

Filimu yake ambiri mukuidziwa, ija ya William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu kaamba ka fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kukapanga makina opukusidwa ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Dzina lake The Boy Who Harnessed the Wind, monga buku limene iye analemba ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, mu 2009. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, mkulu wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwe uja wa mu 12 Years a Slave, ndipo mwini wakeyo ndiye anasewera ngati bambo a William.

Akunja anaiona ife eni nkhani tisanaione. Mu Januwale 2019 inaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America n'kupatako mphotho ya Alfred P. Sloan, imene imapita kwa filimu yokamba za sayansi. Mwezi wotsatira inali ku Berlin, ndipo pa 1 Malichi inalowa pa Netflix. Olemba ndemanga za mafilimu m'maiko amenewo ambiri anaiyamikira. Ati ndi yogwira mtima. Ati Ejiofor wachita chamuna pa filimu yake yoyamba yaitali. Ati wachita bwino kukajambulira ku Kasungu komweko ndi kuwalola anthu ake kulankhula Chichewa m'malo mwa Chingerezi chokhachokha. Kenaka dziko la Britain linaitumiza ku mpikisano wa Oscar, ku gawo la mafilimu a zilankhulo zina. Tamvani zimenezo! Angerezi kupita ku mpikisano ndi Chichewa, chilankhulo chomwe ife ku sekondale tinkalandira nacho chibalo tikachilankhula m'kalasi. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Malawi anali atatumizako filimu yake yoyamba, The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah. Onse awiri sanafike pa ndime yomaliza.

Kuno kwathu nyimbo inali ina. Kachidutswa kotsatsira filimuyo katangotuluka, pa Facebook panabuka fumbi. Anthu sanalimbane ndi nkhani yake ayi, analimbana ndi Chichewa. Wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Mayi ake a m'filimumo, Aïssa Maïga, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mfumu ndi Joseph Marcell, uja ankasewera wantchito wa m'nyumba mu The Fresh Prince of Bel-Air. Onsewa Chichewa anachita kuloweza, ndipo khutu la Mmalawi silinachedwe kuwagwira. Funso linali limodzi: kodi m'Malawi muno mulibe anthu a zisudzo? Ena ankayankha kuti mwini ndalama saponya chuma chake pa nkhope yosadziwika, kuti Lily Banda alimo, anthu a kwa Wimbe alimo, ndipo kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinali mbali ya onyoza, komanso ndinali kutsogolo kwenikweni, filimu yomwe ndisanaione.

Nthawi imeneyo ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndili kwa amayi ku komboni ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mvula ikagwa, masamba akachuluka, nane ndinkabereka dengu kukathyola nawo. Koma mtima wanga unali pa utolankhani, ndipo ndinaona kuti filimu imeneyi ndiyo khomo langa.

Tsono ife a m'maesiteti filimu yatsopano imatipeza ngati kaunjika, itavalidwa kale ndi ena. Netflix ndi ya anthu a ndalama za bandulo. Wina amaikopera ku Blantyre, imagona ku Limbe kwa anyamata obena mafilimu, kenaka imakwera minibasi pa fulashi kudutsa pa Bvumbwe mpaka itatipeza. Kanema wathu ndi vidiyo ya pa kamsika: nyumba ya zidina, mawindo otchinga ndi ziguduli, mabenchi a bulugamu, chisipika panja cholira mpaka ku sikelo, ndi bolodi pakhomo pomwe mwini wake amalembapo ndi choko mafilimu a tsikulo. Ndimo tinakuliramo ife, ndi Rambo, Jackie Chan, Jet Li ndi mafilimu a ku Nigeria. Ambiri amabwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni amene amaikamo nthabwala zawozawo, moti umamva Mtchaina wa karate akuopseza mnzake kuti akakumana ku Ndirande. Choncho kumva nkhope yachilendo ikulankhula Chichewa kwa ife si nkhani. Tinazolowera. Chimene tinali tisanaonepo ndi mlendo wochilankhula ndi pakamwa pake.

Inafika Loweruka la malipiro, ndipo mwini vidiyo analemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti FILIMU YA KU MALAWI, LAMULUNGU 2 KOLOKO. Pamenepo ndinaganiza zotenga mboni. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anakhalako ku Kasungu zaka zinayi. Chomwe ife ana tinkadziwa n'choti anapita ku fodya n'kubwerako chimanjamanja, ndipo kuti nkhani imeneyo saikamba. Ndinati amenewa ndiwo andiuze mmene Chichewa chenicheni cha ku Kasungu chimamvekera, kuti ndikalembe ndili ndi umboni.

"Amalume, tiyeni mukandimverere Chichewa cha anthu anu a ku Kasungu."

"Anthu anga ndani? Za mafilimu ndi za ana izo."

"Ndikulipirirani."

"Ukalipira ndiwe, tiye."

K100 yawo, K100 yanga. M'nyumbamo munadzaza kufikira pakhomo, ana atakhala pansi kutsogolo, amayi a malonda atasiya mabeseni awo panja. Gule wamkulu atangoonekera koyambirira kuja, anthu anaimba mluzu. Msewu wafumbi, njinga, yunifolomu ya sukulu, zonse zinali zathu, ndipo aliyense ankaloza. Koma Ejiofor atangotsegula pakamwa, nyumba yonse inaphulika ndi phwete. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anafunsa mokweza ngati bambowa ali ndi mbatata yamoto m'kamwa. Mwini vidiyo, poona kuti makasitomala akuvutika, anatenga maikolofoni n'kuyamba ntchito imene sindinaionepo chibadwire: kumasulira Chichewa kupita m'Chichewa. Amaimitsa filimu, n'kunena kuti, "Apa akuti mwana apite kumunda," n'kuiyendetsanso. Lily Banda akalankhula amangoika maikolofoni pansi, anthu n'kuwomba m'manja kuti uyu ndiye wathu. Ine pensulo ili pa kope, kulemba zonse, mtima uli mbee.

Panalinso ena amene Chichewa sichinawakhudze, vuto lawo linali lakuti ndewu ikuchedwa. Mnyamata wina anaimirira n'kufunsa kuti, "Kodi ekita wake ndi uti? Nanga bosi atulukira liti?" Wina kumbuyo anamuyankha kuti, "Bosi wake ndi njala, khala pansi!" Atatu kapena anayi anatuluka akudandaula K100 yawo.

Kuseka kunayamba kuchepa pa msonkhano wa ndale paja, pamene mfumu ikuuza mtsogoleri wa dziko pamaso pa anthu kuti kukubwera njala, kenaka anyamata a chipani n'kuitengera kuseri kukaiswa. Kumbukirani kuti chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinali pafupi, ndipo magalimoto a zipani ankadutsa pa kamsika pathu tsiku ndi tsiku. Palibe anafuna womasulira pamenepo. Mdala wina anangoti, "Zimenezo nzoona," basi.

Filimuyi anaigawa m'zigawo zokhala ndi mitu ya Chichewa. Utafika mutu wakuti Njala, ndinacheuka kuti ndione amalume, poti chiyambire anali asanaseke ngakhale kamodzi. Anali atatsamira kutsogolo, chipewa chili pa bondo. Anaonera William akukankhana ndi khamu pa depoti ya chimanga. Anaonera banja lija likukambirana zoti lizidya kamodzi patsiku. Kenaka anaimirira, anavala chipewa, napempha njira mwaulemu kwa ana okhala pansi, n'kutuluka. Ine ndinatsala. Ndinali nditalipira, komanso ndinali pa ntchito, eti. Ndinaonera mpaka makina aja atapukusa, madzi akutuluka m'chitsime kulowa m'mizere, anthu m'vidiyomo akuwomba m'manja ngati Bullets yagoletsa. Sabata yotsatira ana a pa komboni onse anali kupanga timakina tamphepo ta mapesi ndi mawaya, ndipo ndemanga yoposa imeneyo Ejiofor sadzailandira kulikonse.

Ndinawapeza amalume pakhonde, kunja kutayamba kuda, nyali osayatsa, wailesi osatsegula.

"Mwathawa Chichewa chija, amalume?" ndinatero ndikuseka.

"Khala pansi iwe."

Ndinakhala.

"Chichewa chake ine ndachimva chonse. Chimene mumaseka n'chiyani? Ine ku Kasungu ankandiseka chimodzimodzi. Ndikati madeya, iwo ati gaga. Ndikatsegula pakamwa pa msika, ana amanditsata pambuyo kumandiyeseza, ati tamumvani Mlomweyo. Munthu wophunzira chilankhulo cha eni ake ndevu zili kale pachibwano, lilime limalemera. Bambo uja ine ndamumvera chisoni."

Mboni yanga inali itandikana. Ndinafunsa ngati ndiye kuti filimuyo aikonda.

"Pa depoti paja alondola. Zinali choncho kumene, mwina kuposa. Koma njala yeniyeni sanaidziwe. Anthu aja akuthamanga, akukuwa, akukangana ndi mphamvu. Njala ikafika penipeni simukuwa ayi. Mudzi umangoti zii. Ana sasewera, ngakhale kulira salira. Mapazi amatupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Ndipo galu uja wakhalitsa. Kwathu kuja agalu anatha Khirisimasi isanafike."

"Nanga mwatulukiranji?"

Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti sanandimve.

"Ndimadikira kuti ationetsa ife. Banja lija lili ndi munda wawo, nyumba ya malata, wailesi, njinga. Kwa ife amenewo anali mabwana. Ife amene tinali kuseri kwa chigafa tili kuti m'filimu yakoyo?"

Kwa inu a m'tauni ndifotokoze pang'ono. Ku Thyolo ndi ku Mulanje malo abwino ambiri anapita ku tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo makolo athu a Chilomwe amene anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'maesiteti anaberekana pa timalo tochepa totsala. Mwana akakula, pomanga nyumba pamapezeka, polima ayi. Ndiye chifukwa chake kwa zaka zambiri malole ankabwera kuno kudzatenga anthu kupita nawo ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba kukakhala matenanti a fodya. Pangano lake linali lotere: mwini esiteti akupatsa munda, mbewu, feteleza ndi phoso la chimanga mwezi ndi mwezi, zonse pa ngongole. Iwe ndi mkazi wako ndi ana ako mulima. Pokolola fodya amagula ndi iye yemweyo, pa mtengo wonena iye, n'kudula ngongole yake. Chotsala ndiye chako, ngati chatsala. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti pa lamulo, koma nthawi ya amalume unali pachimake.

Tsono taganizani chimene chimachitika kwa munthu wotere chimanga chikasowa m'dziko. Mu 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo mpaka lero anthu amalozanabe zala, ena kuloza a IMF amene analangiza zochepetsa nkhokwezo, ena kuloza akuluakulu amene anachigula motchipa. Zokolola za 2001 zinavuta ndi mvula yoononga. Boma linayamba lakana kuti kuli njala, ndipo a Bakili Muluzi analengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Mwini munda ngati bambo a William anali ndi pogwira, ngakhale pochepa: mbuzi yogulitsa, achibale, mfumu yomudziwa dzina. Tenanti analibe munda wa chimanga, analibe m'bale, analibe mfumu. Nkhokwe yake inali bwana.

Bwana wa amalume, cha ku Chamama uko, anayamba ndi kuchepetsa phoso. Pofika Disembala anangoti chimanga kulibe, aliyense aone chochita, koma fodya asamusiye. Anadya gaga. Gaga atakwera mtengo, ogulitsa ena n'kumasakaniza ndi utuchi, anadya zitsa za nthochi. Njinga yawo, imene anaigula ndi phindu la chaka choyamba, inapita ndi ndowa imodzi ya gaga. Zonsezi ankandiuza ndi mawu omwe amafotokozera makilogalamu a tiyi amene athyola pa tsiku.

Kenaka anati, "Iwe unali ndi msuweni wako."

Sindinadziwe. Chibadwire palibe anali atandiuzapo. Anali mtsikana, wobadwa mu 1998, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Anamwalira mu Febuluwale 2002, atatupa mapazi ndi nkhope, m'mimba mutatsegula masiku atatu. Anamuika kumphepete kwa manda a eni mudzi, kumene ankaika alendo, atamukulunga mu mphasa. Okumba anali anayi okha, matenanti anzawo, ndipo dzenje linalekera m'chiuno chifukwa mphamvu zinawathera. Pamaliropo panalibe nsima, panalibe nyimbo. Fodya atagulitsidwa, bwana anawerenga ngongole n'kupeza kuti amalume ndiwo ayenera kubweza. Anachokako usiku, iwo ndi akazi awo, ulendo wa makilomita oposa 400, pena pansi, pena pa lole ya wachifundo. Banjalo silinakhalitse atafika kuno. Usiku umenewo ananditchulira dzina la mwanayo kamodzi kokha, ndipo amayi, amene ankamvera ali m'khitchini, anatuluka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Mawa lake ndinakhala pansi kulemba. Ndipo ndinalemba za mbatata yamoto m'kamwa. Ndinalemba za mwini vidiyo womasulira Chichewa kupita m'Chichewa. Ndinafunsa mwaukali ngati m'Malawi muno mulibe anthu a zisudzo. Za amalume sindinalembe ngakhale mzere umodzi. Ndinadziuza kuti malo ndi ochepa, kuti mkonzi akufuna zimene zikutentha pa Facebook, kuti nkhani ya matenanti si ndemanga ya filimu. Zoona zake n'zakuti nkhani yoseketsa inali yosavuta kulemba ndi yosavuta kugulitsa, ndipo ine ndinkafuna dzina langa lituluke. Inatuluka. Anzanga anandiyamikira kuti ndawaswa azungu.

Musandimve molakwa, za Chichewa zija sindikubweza. Ndimaimabe pomwepo. Wolemba ndemanga wa ku London amawerenga timawu ta Chingerezi pansi pa chithunzi, ndipo kwa iye phokoso lililonse lachilendo ndi Chichewa chabwino. Anayamikira chinthu chimene khutu lake silikanatha kuchiyesa. Ife amene filimuyo imati ikukamba za ife tinachita kufuna womasulira, ndipo pamene mayi akulira m'filimu anthu m'vidiyo akuseka katchulidwe kake, chinthu chaonongeka, kaya wina afune kaya asafune. Mukaonera Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ija ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa, imene Malawi anaitumiza ku Oscar mu 2021, ndalama zake n'zochepa poyerekeza, koma mavenda ake akatsegula pakamwa umadziwa kuti wafika pa msika. Ndipo Joyce Mhango Chavula anali atabwera kale ndi mphotho kuchokera ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Anthu a zisudzo analipo.

Koma ndikabwereranso ku kope langa la tsiku lija, ndimaona kuti ine ndi mzungu wa ku London tinalakwa mofanana. Iye anaona mwana wanzeru wa ku Africa akugonjetsa njala ndi sayansi, mtima wake n'kukhala pansi. Ine ndinamva lilime lolemera, n'kuseka. Tonse awiri njalayo tinaidumpha. Ndipo mathero amene iye anawakonda aja ndi ofupikitsa. Makina oyamba a Kamkwamba anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake, sanathetse njala ya 2002. Za madzi othirira mbewu zinabwera patapita zaka, nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006 ndipo atakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kuyamba kumuthandiza. Izi sizichepetsa mnyamatayo, nzeru zake n'zosachita kufunsa. Koma njala ija inatha ndi chimanga chachiwisi cha m'munda ndi chimanga cha thandizo, ndipo ena sichinawapeze. Amalume, amene sanawerengepo ndemanga ya filimu chibadwire, ndiwo okha m'nyumba muja anafunsa funso la mtolankhani, loti ndani wasiyidwa kunja kwa chithunzi.

Ndipatuke pang'ono. Kukacha bwino, uli m'munda wa tiyi kwathu, phiri la Mulanje limaoneka ngati ungaligwire. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anafera pa phiri limenelo atapita ku Sapitwa, ndipo mnzake Fellipe Barbosa anapanga filimu ya ulendo wake, Gabriel and the Mountain, imene inapata mphotho ku Cannes mu 2017. Anthu ambiri amene anakumana ndi Buchmann pa ulendowo anasewera okha mbali zawo m'filimumo. Ku France anaikamba kwambiri. Pa bolodi ya vidiyo yathu sinalembedwepo, ndipo ine ndinaionera ndili kale ku Blantyre. Mlendo mmodzi wofera pa phiri lathu ali ndi filimu yake. Matenanti a ku Thyolo amene anatsala m'manda a alendo ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndikanena ine, akudikirabe wowajambula, ndipo sindikuona chifukwa choti tidikire wa ku London.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinapita kumudzi. Amalume anasiya kubereka dengu, msana unakana, pano ali ku nazale ya mbande za tiyi. Vidiyo ija ilipobe koma anthu anachepa, poti aliyense filimu ali nayo m'foni. Ndinawauza kuti ndikufuna kulemba zimene anandiuza zija, ndipo ndinawauzanso zimene ndinalemba m'malo mwake nthawi ija. Sanakwiye. Anangofunsa kuti anandilipira zingati, ndipo nditawauza anati zinali zochepa.

"Lemba. Koma dzina langa ndi la mwana usalembe. Amenewo ndi anga."

Kenaka ndinatulutsa foni n'kuwafunsa ngati angafune kuona pamene anasiyira paja. Anayamba akana, kenaka anasendeza mpando. Tinaonera tili pakhonde lomwe lija, foni itatsamira ku ndowa. Galu atafa anagwedeza mutu. Pamene bambo uja wavomera kuti njinga yake idulidwe, anayamwa mano n'kunena kuti, "Njinga yabwinobwino." Makina atayamba kupukusa anandiuza kuti ndibwezere m'mbuyo, osati kuti aonenso anthu akusangalala, koma kuti aone bwino mmene waya wachokera ku dayinamo kupita ku batire ndi ku pampu. Ndinabwezera kawiri.

"Chitsimecho chinali ndi madzi nthawi yonseyo?"

"M'filimumo, eya."

"Mmm. Nanga mnyamatayo ali moyo?"

"Ali moyo. Anakaphunzira ku America, anamaliza ku Dartmouth mu 2014."

"Anabadwa liti?"

"Mu 1987."

Anawerenga pa zala kwa kanthawi, milomo ikuyenda.

"Wanga uja bwenzi pano ali ndi ana ake."

Anandibwezera foni, nandiuza kuti batire ikutha, n'kunyamuka kupita kukatsekera nkhuku.